Nsungwi Zitatu za Bwana Mwale

Nsaru, matipate atangoyamba

Za ubwana wanga sindilemba, chifukwa munthu amene anakula akuweta mbuzi za eni alibe mbiri, mbiriyo ndi ya mbuzi. Ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu. Inu ana anga, ndi inu adzukulu amene mumanong'onezana kuti agogo amakokomeza nkhani, werengani mofatsa. Zonse zili m'munomu zinachitika, ndipo mboni zanga ndi anthu olemekezeka, kungoti ambiri a iwo anatisiya.

Ntchito yanga yoyamba, yomwenso inali yomaliza, inali ya umesenjala pa kampani ina ya fodya imene inali ndi maesiteti angapo kumadzulo kwa Lilongwe kuno. Ndinayambira ku Nsaru. Anandipatsa malaya a khaki ndi njinga yakuda yakale kwambiri, moti njira ya ku positi ofesi inkaidziwa yokha. Sabata ina nditagona ndi malungo, anthu anaipeza itatsamira khoma la positi ofesi, ikudikira makalata. Kafunseni amayi anu, anamva nawo.

Manejala wathu anali bwana Mwale, kwawo ku Mpingu. Anali munthu wamfupi, wa nsapato zowala, wosaseka. Ankaseka kamodzi pachaka, fodya akagulidwa bwino ku okushoni, ndipo tsiku limenelo tinkaitana matenanti kuti adzaone mano awo. Kuchotsa munthu ntchito kunali ngati kuthamangitsa ntchentche pamphuno. Mlonda wina anapita chifukwa choyasamula bwana akulankhula. Kalaliki wina anapita chifukwa chotafuna nzimbe pakhonde la ofesi. Ine ndinakhala nawo zaka zambiri chifukwa ndinaphunzira kuyasamula ndi mphuno, pakamwa pali potseka. Nyumba imene munabadwiramo inali ya kampani, chimanga chimene munkadya chinkachokera m'nkhokwe ya kampani, ndiye dziwani kuti bwana Mwale akatsokomola ku ofesi, ine ndinkavula chipewa ngakhale ndili kunyumba.

Kabudula, zaka za makuponi a feteleza

Bwana atawasamutsira ku esiteti ya ku Kabudula ananditenga, pamodzi ndi kapitawo wathu a Makwinja, munthu wa ku Mulanje amene anabwera kuno ngati tenanti n'kukwera ndi thukuta lake. Kumeneko n'kumene mavuto anga anafika, ndipo anafika atavala kansalu kofiira.

Mwana woyamba wa bwana, Chikondi, anali namwino m'tauni. Tsiku lina anabwera ku ofesi atanyamula jagi yagalasi. M'jagimo munali timiyala toyera, madzi, ndi timitengo titatu tobiriwira tokhala ndi mfundo ngati nsungwi, titamangidwa pamodzi ndi kansalu kofiira kaja. Dothi munalibe ngakhale la m'chikhadabo.

"Ababa, iyi amati nsungwi yamwayi," anatero Chikondi. "Ndagula kwa Mchaina wina m'tauni. Akuti imabweretsa mwayi m'nyumba."

"Nsungwi yanji yoonda chonchi?" bwana anafunsa. "Lichero ungaluke ndi imeneyi?"

"Si nsungwi yeniyeni, yangofanana nayo. Siyolukira, ndi yongoyang'ana."

Kenako mtsikanayo anatembenukira kwa ine n'kundipatsa malamulo, ine nditagwira chipewa pachifuwa. Madzi ake akhale amvula, chifukwa a pampopi a mankhwala aja amaiwotcha nsonga za masamba. Ndizisintha madziwo sabata iliyonse, n'kutsuka timiyala kuti tisachite ndere. Madzi azibisa mizu yokha, matsinde asamire. Ikhale pamalo powala koma dzuwa lisaimenye. Ndinafunsa kuti nanga imadya chiyani, iye anati, "Palibe, a Mbewe. Muzingoipatsa madzi." Apo ndinadziwiratu kuti zinthu sizikhala bwino. Chinthu chosadya sichinena chikadwala.

Chikondi atapita, bwana anakhala nthawi yaitali akuyang'ana jagi ija. Ana awo anali atatu. Wachiwiri, Madalitso, anali atathawira ku Joni atakangana ndi bambo ake pa nkhani ya sukulu, ndipo dzina lake silinkatchulidwa mu ofesi. Wachitatu, Yamikani, anali ku sekondale. Bwana analoza tsinde lalitali ndi cholembera. "Uyu Chikondi." Analoza lalifupi. "Uyu Yamikani." Lapakati analiloza pomaliza, n'kunena pansipansi, "Uyu ndi uja wamakaniyu." Atatero anandiyang'ana. "Mbewe, ana angawa ndakusiyira iwe. Mmodzi akafa usadikire kuti ndikuuze. Ungolongedza katundu wako."

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kugona tulo ta munthu wamba. Inu mukatentha thupi ndinkati mawa muchira. Tsamba la nsungwi likapinda nsonga, ndinkasiya nsima m'mbale n'kuthamangira ku ofesi. Amayi anu, Nankhoma, ankati, "Bambo a Tiyese, mwanditengera mkazi wachiwiri, ndipo wokhala m'galasi." Ndinapempha mgolo wakale ku sitolo ya esiteti, ndinautsuka mpaka unayamba kuonetsa nkhope, n'kuuika pansi pa malata a ofesi. Mgolowo ndinaugulira loko. Pa esiteti yonse, chinthu chokhomedwa ndi loko wamkulu kuposa wa mosungira mabelo chinali madzi amvula.

Anthu a fodya sakhulupirira kuti mbewu ingakule popanda feteleza. A Makwinja ankabwera mu ofesi kudzapereka malipoti, n'kuima pafupi ndi jagi akupukusa mutu. "Achimwene, mbewu iyi ikuvutika. Onani kuonda kwake. Ku nazale mbande yotere timaizula." Ndinkawauza kuti siidya, iwo n'kumati, "Chosadya ndi mwala wokha." Tsiku lina ndili ku positi, mwa chifundo chawo, anaponyamo timibulu ta feteleza wobereketsa. Pofika Lachitatu masamba a Yamikani anali atayamba chikasu m'mphepete. Ndinatsuka mizu ija ndi madzi a mumgolo kambirimbiri, ndikuinong'oneza mawu amene sindinawauzepo ngakhale amayi anu tili pachibwenzi. Masamba owonongekawo ndinawadula ndi lumo, ndipo mbali imeneyo ndinaitembenuzira kukhoma. Inachira. A Makwinja anapepesa ndi nkhuku, koma mpaka imfa yawo ankanena kuti vuto linali lakuti anathira wochepa.

Namitete, chaka chimene mafuta a galimoto anasowa

Titasamukira ku Namitete, katundu yense wa ofesi anakwera thirakitala. Ine ndinakhala pamwamba pa matebulo, jagi ili pamiyendo, nditaifunditsa jekete langa kuopa dzuwa. Msewu unali wa mabampu moti mano anga anasinthana malo, akumanzere kupita kumanja, koma dontho ngakhale limodzi silinatayike. Woyendetsa thirakitalayo akanachitira umboni, koma nayenso anapita.

Chaka chimenecho mvula inaduka msanga. Chilimwe chisanafike pakati, ndikagogoda mgolo unkayankha ngati ng'oma. Ndinayamba kusintha madzi mwa apo ndi apo, ndikuyeza ndi kapu ngati mafuta ophikira. Amayi anu atapempha pang'ono kuti atsukire tsitsi la Tiyese pa ukwati wa msuweni wake ndinakana, ndipo nkhani imeneyo sinathe mpaka lero. Mwezi wa Okutobala mgolo unauma gwa. Kunatsala madzi a pamjigo, amene ku esiteti imeneyo anali amchere, osiya zoyera m'ketulo. Ndinkawatunga n'kuwasiya m'ndowa kuti agone, ndikuyembekeza kuti mcherewo uchita manyazi n'kukhala pansi.

Nthawi yomweyo wailesi inkanena za alendo amene ankavutitsidwa ku Joni. Nambala ya Madalitso, imene Chikondi ankaimbapo mobisa, inali itasiya kulowa. Banja linapereka nambala ya ofesi yathu kwa anyamata a ku Mpingu amene anali komweko, kuti wina akamuona aimbe. Foni ikalira, bwana ankasiya cholembera n'kundiyang'ana ine ndikuyankha. M'mawa uliwonse asanakhale pampando ankaima pa jagi, ndipo ndinkaona tsinde limene maso awo ankayambira.

Bwana anatenga tchuthi n'kupita kwawo ku Mpingu. Sabata yachiwiri ya tchuthicho ndinalowa mu ofesi m'mawa n'kumva kafungo ngati ka thonje la pabala. Ndinayandikira jagi. Madzi anali achita mbuu. Tsinde lapakati linali lasanduka chikasu kuyambira pansi, ndipo nditalidina ndi chala linabonyoka ngati nthochi yakupsa. Kumtunda kokha n'kumene kunatsala kamphukira kobiriwira ka masamba ochepa. Ndinakhala pansi pa simenti. Pa matsinde atatu onsewo, linasankha kuola lomwelo.

Ndinaitana a Makwinja. Anayang'ana, anavula chipewa, anachivalanso.

"Achimwene, musanjenjemere. Kudambo kuli nsungwi zambirimbiri. Tidule kamodzi kakang'ono, tilowetsepo, timange kansaluko. Bwana maso anayamba kuchepa."

"Nsungwi ya kudambo m'madzi imauma, a Makwinja. Ndiye adzati ndapha mwana n'kuikapo wa eni."

"Nanga penti? Ku galaja kuli wobiriwira wa thirakitala."

"Fungoli mulipentanso?"

"Basitu musiyeni momwemo. Bwana adzapeze yekha. Mudzati munali ku positi."

Kusiya kunali kosatheka. Chikondi anandiuzapo kuti tsinde likaola sililimbanso, ndipo madzi ake amapatsira anzake. Kudikira bwana kukanapha onse atatu. Koma kulichotsa kunali kutenga mwana wa bwana, amene sakudziwika ngati ali moyo, n'kumuzula pakati pa abale ake ndi manja anga. Ndinapita kunyumba kukafunsa amayi anu. Anali akusankha nyemba, ndipo sanadzutse mutu. "Ntchitoyo yatha kale, bambo. Pulumutsani awiriwo, tizipita ndi ulemu wathu." Anayamba kufunsa anzawo za makatoni tsiku lomwelo.

Ndinawiritsa lumo m'ketulo. Ndinamasula kansalu kofiira, ndinasolola tsinde loolalo, mizu yake yakuda ikununkha. Mizu ya awiri enawo inali idakali yofiirira, yolimba, ndipo ndinaitsuka pamodzi ndi timiyala ndi jagi yomwe. Kamphukira kaja ndinakadula pamene kanatulukira, pamalo pamene panali pasanafike chikasu, n'kukaimika m'kabotolo. Madzi ake anandipatsa mayi wina wa ku Dedza, mkazi wa tenanti, amene ankasunga amvula m'chigubu chifukwa cha batire ya wailesi. Tsinde lakufalo ndinalikulunga m'kansalu koyera kopukutira makapu.

A Makwinja anati tiimbe foni. Ndinakana. Nkhani yotere munthu wamkulu sumuuza pafoni ngati ukuitanitsa matumba. Umapita, akuone nkhope. Iwo anati andiperekeza, popeza anali ndi mangawa a feteleza uja.

Mpingu, Loweruka la sabata yomweyo

Maminibasi kunalibe, onse anali pamizere ya mafuta m'tauni. Tinapalasa njinga msewu wa Mchinji dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinavala jekete lakuda, lokhalo limene ndinali nalo, poti munthu wokachotsedwa ntchito ayenera kuoneka bwino. A Makwinja anavalanso lawo.

Tsopano tamverani zimene tinachita, muone ngati panali cholakwa. Tinatsika njinga tikadali kumsewu, chifukwa pakhomo pa bwana sulowa uli pachishalo. Tinazikankha pang'onopang'ono, chifukwa miyendo inali itafa. Sitinaodire mokweza, chifukwa ine malovu anali atauma. Tinavula zipewa. Tinakhala pansi m'mphepete mwa bwalo, pafupi ndi nkhokwe, chifukwa munthu wopalamula sakhala pampando. Kansalu koyera kaja ndinakaika patsogolo panga. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake. Koma ziphatikizeni zonsezo, amuna awiri a majekete akuda, mmodzi wa iwo mesenjala wa ofesi imene ikudikira foni ya ku Joni, ndipo mundiuze kuti kwathu kuno anthu obwera motero amakhala atanyamula uthenga wanji.

Mayi Mwale anali pakhonde akusenda mtedza. Anatiyang'ana, anaika lichero pansi mosamala.

"A Mbewe, kwagwanji?"

"Tikufuna tionane ndi bwana, mayi."

"Ali kudimba. Simungandiuze ine?"

"Ndi nkhani yoyamba kumva iwo."

A Makwinja anayang'ana pansi n'kuusa moyo, chifukwa cha ludzu. Dzina la munthu sitinatchule. Mayi aja anaimirira, anayenda masitepe ochepa, n'kugwa pakati pa bwalo manja ali kumutu. Kulira kwake sindidzakuiwala, ndipo pamenepa sindiseka.

Ndinayesa kuimirira kuti ndifotokoze, koma amayi a nyumba zoyandikana anali atafika kale, akulira asanafunse. Mkulu wina anandigwira paphewa n'kundikhazikanso pansi. "Khalani, mwayenda ulendo wautali. Mwachita bwino kubwera nokha." Ndinati, "Pepani, si zimenezo." Iye anati, "Tikudziwa, n'zovuta kunena." Anyamata anathyola nthambi n'kukaziyala pamsewu. Ena anayamba kutulutsa mipando m'chipinda chochezera. Mabenchi a kutchalitchi anafika ali pamitu. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu amene ndikupita kukaonana naye posachedwa, bwana asanafike kuchokera kudimba, amayi a chigwirizano anali ali pa nyimbo yachiwiri.

Bwana Mwale anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula kheni yothirira, matope ali m'miyendo. Ndinali ndisanawaonepo opanda nsapato. Anayang'ana mabenchi, anayang'ana akazi awo, anabwera n'kukhala pansi pafumbi pafupi nane. Mawu awo anali aang'ono ngati a mwana.

"Mbewe, nena."

Ndinamasula kansalu kaja. Anayang'ana tsinde lachikasulo nthawi yaitali, ntchentche zitayamba kale kulizungulira.

"Foni yalira?"

"Ayi, bwana. Foni sinalire."

"Ndiye wabwerera ichi chokha?"

"Chokhachi, bwana."

Anatseka maso. Kenako anaimirira n'kuuza anthu kuti pakhomopo palibe maliro, wafa ndi mtengo wa ku ofesi. Nyimbo inatha pang'onopang'ono, ena akumbuyo anaipitiriza kaye chifukwa sanamve. Mnyamata wina amene anali atangofika ndi benchi anafunsa ngati aitsitse kapena abwerere nayo. Anthu anayamba kuseka chamumtima, kenako mokweza, ndipo mpaka lero ku Mpingu kuli anthu amene amanditchula kuti mesenjala wa nsungwi.

Mayi Mwale okha sanaseke. Anakhala tsonga pamene anagwera paja, anapukuta nkhope ndi chitenje, n'kulankhula ndi amuna awo anthu onse akumva. "Lero ndi mtengo. Nanga mawa? Inu mumathirira nsungwi mu ofesi, mwana osamufunafuna." Bwana anatembenukira kwa ine. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Ndinati chiyani ku Kabudula?"

"Munati mmodzi akafa ndilongedze."

"Ndiye wafa?"

"Tsinde lafa, bwana. Koma kamphukira kake ndakadula, kali m'botolo."

"Kali ndi mizu?"

"Ayi."

"Chopanda mizu sitinganene kuti chili moyo, sitinganenenso kuti chafa. Tidikira. Kakaola, upita."

Namitete, mvula itayandikira

Madalitso weniweniyo anadzaimba foni chaka chotsatira, ali bwinobwino, foni yake yakale anangomubera. Atabwera kudzaona makolo anali atanenepa moti pakhomo analowa chammbali. Ndanena zimenezi kuti mitima yanu ikhale pansi. Koma masiku amene ndikunenawa palibe ankadziwa zimenezo, ndipo bwana anali atadula tchuthi chawo n'kuyamba kuyenda m'midzi, kufunsa makolo a anyamata a ku Joni ngati amvako kanthu.

Kunyumba kwathu makatoni anali atamangidwa. Amayi anu anasiya kunja mapoto awiri okha, ndipo Tiyese ankafunsa ngati mayeso adzalembere konkuno kapena kumudzi. Ndinkangomuuza kuti aziwerenga. Kabotolo kaja ndinakaika pa kabati ya mu ofesi, pamene kuwala kwa windo kunkafika koma dzuwa osafika. Ndinkakayang'ana pafupipafupi moti kanayamba kundizolowera. Tsamba limodzi linafota n'kugwa. Lina linapinda. Kunsi kwake kunali kosalala, kopanda chizindikiro chilichonse, ndipo ndinkakanunkhiza m'mawa uliwonse ngati mayi wonunkhiza thewera. Bwana sankandilankhula za kabotoloko. Ankangodutsa, n'kuchedwa pang'ono pa kabati ngati akufuna fayilo.

Sabata zinapita. Mitambo inayamba kusonkhana chakumadzulo, matenanti ali kalikiliki kukonza mizere. Tsiku lina ndinafika m'mawa monga mwa nthawi zonse n'kupeza chitseko cha ofesi chili chotsegula. Bwana Mwale anali atatsitsa kabotolo kaja n'kukaika pampando, iwo atagwada pa simenti, magalasi ali pamphumi.

"Mbewe, tabwera. Maso angawa ayamba kunama. Ichi n'chiyani?"

Ndinagwada pambali pawo. Pansi pa mfundo panali titatuluka tinthu tiwiri toyera, tating'ono ngati mano a khanda.

"Ndi mizu, bwana."

"Si nkhungu?"

"Nkhungu imakhala ya ubweya. Iyi ndi mizu."

"Usandinamize chifukwa cha ntchito."

"Ipatseni sabata imodzi, muiona ikutalika."

Anakhalabe chogwada kwa kanthawi, akupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenako anagwira tebulo, anadzuka, anasasa mawondo a thalauza, nkhope n'kubwerera m'malo mwake.

"Ndiye ukuyang'ana chiyani? Muno mwasesedwa?"

"Ayi, bwana."

"Sesa. Koma uwaze madzi kaye, fumbi lisamupeze mwanayo."